Pokwera Phiri la Mulanje: Zimene Timakhulupirira ndi Zoona Zake

Loweruka m'mawa ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumasonkhana anthu osiyanasiyana: ana asukulu ndi aphunzitsi awo, achinyamata a mpingo, ogwira ntchito m'maofesi a ku Blantyre, ndi alendo ochokera kunja. Tonsefe timalandiridwa ndi otsogolera alendo, amene timangowatchula kuti magaidi, pamodzi ndi anzawo onyamula katundu. Ulendo usanayambe, gaidi amatiimika kaye n'kutiuza za njira, za moto, za zinyalala ndi za madzi. Ambirife timavomera ndi mutu, maso ali pafoni.

Phiri limene tikukwera lero lasintha. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya miyezi ingapo m'masiku owerengeka chabe. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Freddy asanabwere tinali titaona kale Idai mu 2019, ndi Ana ndi Gombe mu 2022. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi, choncho ofuna kuliona akhoza kuchuluka. Malo ovulala chotere salimba ngati kale, ndipo zolakwa zimene poyamba zinkapita osaoneka lero zimasiya chipsera. Zambiri mwa zolakwazo sitizichita mwankhanza. Timazichita chifukwa cha zimene tinamva n'kuzikhulupirira.

“Gaidi ndi wa azungu, ife eni dziko sitingasochere kwathu”

Kwa zaka zambiri okwera phiri mongosangalala anali azungu, ndiye kulipira munthu kuti akuonetse dziko lako lomwe kumaoneka ngati kutaya ndalama. Koma wokulira ku Ndirande kapena ku Area 25 ndi mlendo paphiri mofanana ndi wochokera ku London. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumtundako kumagwa chisanu usiku. Chiperoni chikatsika, nkhungu imaphimba zonse m'kanthawi kochepa, mwala uliwonse n'kufanana ndi unzake. Mu 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya gaidi wake n'kupitiriza yekha, ndipo mtembo wake unapezeka patadutsa masabata oposa awiri. Chiopsezo chakula chifukwa mvula ya zaka zino yagumula njira zina ndi kusuntha miyala pamalo owolokera. Amene anakwera zaka zisanu zapitazo amakumbukira njira yakale, pamene gaidi anaipondamo sabata yatha. Ndipo munthu akasowa, amene amasiya ntchito zawo n'kuika moyo pachiswe pokamufunafuna ndi magaidi omwe anakanidwawo, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira.

“Njira ndi njira, yachidule imafikitsa msanga”

Kumudzi timadutsa m'munda wa mnzathu kuti tifupikitse ulendo, ndipo palibe chimaonongeka kwenikweni. Pamalo otsetsereka nkhani ndi ina. Njira za paphiri zimakhotakhota dala kuti madzi amvula asapeze polunjika. Tikadula makona, mapazi athu amapha udzu ndi kulimbitsa dothi, moti madzi amalephera kulowa pansi. Munthu wachiwiri amatsata pamene woyamba waponda, gulu la anthu makumi atatu likadutsa pamakhala pataoneka kale kanjira, ndipo mvula ikagwa kanjirako kamasanduka ngalande. Chaka chotsatira pamakhala chigwembe chimene munthu sangachilumphe. Dothi la kumtunda ndi lochepa, lakhala pamwala, ndipo likapita silibwerera m'moyo wathu uno. Limakathera m'mitsinje, n'kukakwirira minda ndi mipope ya anthu kumunsi. N'chifukwa chake gaidi wabwino amayenda patsogolo, amaika mnzake kumbuyo kwa gulu, ndipo amati tiyende mondondozana ngakhale pamene njira yathina kapena yachita matope. Mphindi zisanu zimene tapulumutsa podula kona amadzalipira ndi mlimi amene sitidzamuona n'komwe.

“Napolo ndi wa mizimu, likakwana tsiku palibe chimene munthu angachite”

Makolo athu sanalakwe poopa napolo. Anaona phiri likung'ambika, madzi akutsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba, ndipo dzina limene anapereka linaphunzitsa mibadwo kulemekeza phiri. Anthu a ku Phalombe sadzaiwala Marichi 1991, pamene anthu mazana anafa. Cholakwika ndi kuganiza kuti ngoziyi ilibe zizindikiro. Nthaka imagumuka mvula yamphamvu ikagwa masiku otsatizana, dothi litakhuta madzi mpaka kutsetsereka pamwala umene lakhalapo. Mvula yoopsa ngati ya Freddy ikhoza kugumula ngakhale malo a mitengo, koma malo opserera ndi odulidwa mitengo amagonja msanga. Nyanja yamchere ikamatentha, mpweya umanyamula chinyezi chambiri, ndipo anamondwe amabwera ndi mvula yochuluka kuposa kale. Choncho gaidi akaona mtsinje ukusintha mtundu, akamva miyala ikugunda pansi pa madzi, kapena akaona mitambo itaunjikana kumtunda pamene ife tili padzuwa, n'kunena kuti tibwerere, sakuchita mantha achabe. Mtsinje wa paphiri umadzaza ndi mvula imene yagwa kutali, kumene maso athu safika. Mawu akuti “zonse n'za Mulungu” asatichititse kuwoloka pamene wodziwa wati tidikire.

“Kamoto kophikira tiyi sikangatenthe phiri”

Tinakulira pamoto, ndipo timadzidalira kuti timaudziwa. Koma udzu wa kumtunda m'miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala umauma ngati pepala, mphepo imawomba mbali iliyonse, ndipo kulibe anthu oyandikira oti n'kuthamanga ndi zitsamba kudzazimitsa. Kuchokera mu 1960 kufika mu 2006 kutentha kwa m'dziko muno kunakwera ndi pafupifupi digiri imodzi, ndipo chilimwe chikamatentha chotero udzu umayaka mosavuta. Khala limodzi lotsala m'phulusa, kapena ndudu yoponyedwa isanazime, n'zokwanira. N'zoona kuti moto wambiri paphiri umayatsidwa ndi osaka nyama ndi ocheka matabwa, koma mbande ya mkungudza siisiyanitsa moto wa mlenje ndi wa wokazinga kanyenya. Ikapsa yapsa, ndipo ntchito ya zaka zingapo ya amene anaifesa, kuisenza pamutu kukwera nayo phiri ndi kuilambulira imathera pomwepo. Moto ukatha, mvula yoyamba imapeza nthaka ili pambalambanda n'kuikokolola. Paphiri pali nyumba zogona alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani, ndipo muli malo osonkhapo moto ndi mlonda woyang'anira. Gaidi akati tidikire tikaphike kumeneko, ndipo nkhuni tisonkhe zochepa, tiyeni timvere.

“Kugula kabokosi ka mkungudza ndi kuthandiza wosauka”

Mtima wofuna kuthandiza ndi wabwino, ndipo fungo la mkungudza, umene ambiri amati sida, limakopadi. Koma mtengo umenewu mwachilengedwe umamera paphiri la Mulanje pokha padziko lonse. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Matabwa ake sadyedwa ndi chiswe ndipo sawola msanga, choncho anthu anaufuna pomangira nyumba, pokhoma mabwato ndi posema ziboliboli, mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala paphiri lonse. Wogulitsa amatiuza kuti anasema kuchokera ku mtengo wouma kale. Mawu omwewo ndi amene anaumaliza mkungudza: kale, pamene chilolezo chinkaperekedwa chodula mitengo youma yokha, ena ankaipha dala, poisenda khungwa kapena kuitentha, kuti iwerengedwe youma. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi ya zankhalango ndi anthu a m'midzi adzala mbande mazanamazana a zikwi, koma mkungudza umatenga zaka makumi kuti ukule. Ndalama iliyonse yogulira sida imauza wocheka kuti msika ulipo, ndipo akatha zitsa adzatembenukira ku timitengo tating'ono timene tadzalidwato. Magaidi osamala amalozera alendo ku zinthu zina: tiyi, nanazi, uchi, madengu ndi zoluka za nsungwi. Pogula zimenezi, wosauka uja amathandizidwa chaka chino ndi chaka chamawa chomwe.

“Botolo limodzi kapena makoko a nthochi si zinyalala”

M'minibasi tinazolowera kuponya pawindo chilichonse chimene tamaliza nacho, poganiza kuti wina adzasesa. Paphiri palibe wosesa wa khonsolo. Botolo la pulasitiki siliwola. Limangophwanyika tizidutswa timene timalowa m'dothi ndi m'madzi. Jumbo ikatengedwa ndi mtsinje imakatseka mipope ndi ngalande za kumunsi, ndipo mvula yamphamvu ikabwera madzi amasefukira m'nyumba za anthu. Mbuzi ndi ng'ombe zimameza majumbo n'kufa pang'onopang'ono mimba itatsekeka. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015 ndipo khothi lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019, koma lamulo silikwera phiri kukatola zimene tataya. Makoko a nthochi ndi a malalanje amawoladi, koma kumalo ozizira amachedwa, ndipo zakudya zotsala zimazoloweretsa anyani kuti pamene pali anthu pali chakudya. Nyani wozolowera amalanda zikwama, amaluma ana, amalowa m'minda, ndipo mathero ake amaphedwa. Magaidi ambiri salalikira nthawi yaitali pankhaniyi. Amangowerama n'kutola botolo limene tataya, n'kuliika m'chikwama chawo ife tikuona. Manyazi amene timamva pamenepo ndi oyenera. Chimene takwera nacho chodzaza sichingatilemere potsika chili chopanda kanthu.

“Madzi oyenda sadetsedwa”

Chikhulupiriro ichi n'chakale, ndipo chimachokera poona kuti thovu la sopo limatengedwa n'kuzimirira. Limachoka pamaso pathu, koma limapita kwa wina. Mitsinje ya Likhubula, Lichenya, Thuchila, Ruo, Muloza ndi Phalombe imayambira paphirili. Midzi yambiri imamwa madzi ake kudzera m'mipope yongotsetsereka yokha, minda ya tiyi imawadalira, ndipo Blantyre Water Board imatunga madzi mumtsinje wa Likhubula kukathandiza anthu a mumzinda. Tikachapa zovala, kutsuka mbale zamafuta kapena kusamba ndi sopo pa Dziwe la Nkhalamba, kapena tikadzithandiza m'mbali mwa mtsinje, zonsezo zimatsikira kwa mayi amene akutunga kumunsi. M'chilimwe, madzi akachepa, uve umakhala wambiri m'madzi ochepawo. Mvula ikagwa, chimbudzi chonse cha m'tchire chimakokolokera mumtsinje tsiku limodzi. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022, anamondwe ataononga zimbudzi ndi zitsime, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Gaidi akatiuza kuti tigwiritse ntchito chimbudzi cha panyumba yogona, kapena tipite patali ndi madzi n'kukwirira, ndiponso kuti titunge madzi m'ndowa tikatsukire kumtunda, akuteteza banja lake limene limamwa madzi omwewo.

“Duwa limodzi, mbewu imodzi, kanyama kamodzi: phiri ndi lalikulu”

Phiri ndi lalikuludi, koma zamoyo zina zimene zili pamenepo zili ndi malo ochepa kwambiri. Pali zomera ndi tinyama timene sitipezeka kwina kulikonse padziko. Mmodzi mwa iwo ndi nanzikambe wa ku Mulanje, amene asayansi anamutcha Nadzikambia mlanjensis potengera dzina lathu la Chichewa. Zamoyo zoterezi zinazolowera kuzizira ndi nkhungu. Dziko likamatentha, za kuchigwa zikhoza kusamukira kumtunda, koma za kumtunda zilibenso kokwera. Zili kale pampanipani, ndiye ife n'kubweranso kudzazula maluwa kuti tikadzale kunyumba, kumene amakafota patatha sabata, kapena kugwira nanzikambe n'kumupatsirana m'manja kuti tijambulitse. Duwa lothyoledwa silibala mbewu. Palinso vuto la zimene timabweretsa. Mitengo ya paini yochokera ku Mexico, imene inadzalidwa paphiri nthawi ya atsamunda, inafalikira yokha n'kulanda malo a zomera zachilengedwe, ndipo kuichotsa kwadya ndalama ndi mphamvu zambiri. Choncho kudzala mtengo wina uliwonse paphiri si kuthandiza ayi. Amene akufuna kudzala afunse gaidi amulozere ku nazale ndi kwa alangizi a zankhalango, amene akudziwa mtengo woyenera ndi malo ake.

“Ndalipira, ndiye gaidi asandiletse kanthu”

Timati mlendo ndi mame, ndipo mwambo wathu umatiphunzitsa kumusangalatsa chifukwa sakhalitsa. Magaidi nawonso anakulira m'mwambo womwewo, ndipo kunena kuti “ayi” kwa bwana amene wabwera pagalimoto, kapena kwa abusa amene akutsogolera gulu, n'kovuta kwa mnyamata amene chakudya cha ana ake chili m'thumba la mlendoyo. Pamenepa m'pamene pagona ngozi. Gaidi akaona kuti wokana amabwerera chimanjamanja pomwe wolola zonse amapatsidwa ya pamwamba, amaphunzira kukhala chete. Akakhala chete, moto umayatsidwa paliponse, mtsinje wodzaza umawolokedwa, sida amagulidwa. Ndalama imene timalipira ndi ya nzeru zake, ndipo mbali ina ya nzeruzo ndi kudziwa poletsa. Magaidi aluso ali ndi njira zawo zoletsera popanda kunyoza. Amanena malamulo ulendo usanayambe, mitima isanatenthe. Amapereka chifukwa m'malo mongolamula. Amaima pachitsa cha mkungudza kapena pamalo ogumuka n'kufotokoza zimene anaona ndi maso awo. Amapempha mtsogoleri wa gulu kuti alankhule ndi anthu ake. Udindo wathu ndi kumuyamika gaidi wotere pamaso pa anzake, kumupatsa ya pamwamba, ndi kumutchula kwa ena ofuna kukwera.

“Kuti phiri lipulumuke, alendo angoletsedwa”

Ena akaona mabotolo ndi zolembalemba pamiyala amafika poganiza chotere, ndipo mkwiyo wawo ndi womveka. Koma phiri lopanda alendo silikhala lopanda anthu. Mulanje ndi Phalombe ndi maboma odzaza anthu, minda ndi yaing'ono, ndipo namondwe akakokolola mbewu, chapafupi chimene bambo angagulitse ndi thabwa kapena thumba la makala. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma lamulo lokha silinaletse mkungudza kutha. Mnyamata amene amapeza ndalama potsogolera alendo kapena kunyamula katundu ali ndi chifukwa chofunira kuti mitengo iime ndi mitsinje iziyenda. Iye ndi amene amaona utsi msanga n'kuuza a zankhalango, amamva kulira kwa sowo m'chigwa, amakonza njira mvula ikaononga. Amayi ogulitsa zipatso, eni malo ogona ndi a kabaza nawonso amadya za alendo omwewo. Alendo akasiya kubwera, onsewa amabwerera kukafuna chakudya kuphiri komweko, ndi nkhwangwa. Chofunika ndi alendo oyenda m'magulu ang'onoang'ono, otenga gaidi wodziwika ku ofesi ya zankhalango, olipira mtengo woyenera osanenerera mpaka kumufinya, ndiponso osasenzetsa wonyamula katundu mtolo wopitirira mphamvu zake.

“Kusintha kwa nyengo ndi mlandu wa mayiko olemera, zochita zathu n'zachabe”

Theka la mawu amenewa ndi loona. Africa yense amatulutsa pafupifupi magawo 4 okha pa 100 alionse a mpweya wochokera ku malasha ndi mafuta umene ukutenthetsa dziko, ndipo gawo la Malawi ndi lochepetsetsa. Tili ndi ufulu wonse wofuna kuti oononga kwambiri alipire. Koma kutola botolo pa Chambe cholinga chake si kuletsa namondwe kubadwa kunyanja ya India. Namondwe adzabwerabe. Chimene chili m'manja mwathu ndi mmene adzalipezere phiri: lofunda udzu ndi mitengo, kapena lopserera ndi lodzaza zigwembe. Malo ofunda amamwa madzi n'kuwatulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Malo oyera amawataya onse tsiku limodzi pamodzi ndi dothi ndi miyala. Kusiyana kumeneku kumaoneka pa nyumba zimene zatsala ndi zimene zapita, pa mpope umene ukutulutsabe madzi mu Okutobala ndi umene wauma. Tikati zochita zathu n'zachabe, timadzipatsa chilolezo choonjezera bala pamene pali kale bala, ndipo ovutika si a ku Europe kapena ku America, koma a ku Nkhulambe, ku Muloza ndi ku Likhubula.

Makolo athu ankakwera phirili mwaulemu. Ankati lili ndi eni ake, sukuwa mwachisawawa, sutenga chimene sunapatsidwe. Kaya ife timakhulupirira mizimu kapena ayi, malangizo amene gaidi amatipatsa lero sasiyana kwenikweni ndi amenewo, ndipo zifukwa zake tikuziona ndi maso m'zipsera zimene Freddy anasiya. Inu amene mukukonza ulendo wa sukulu, wa mpingo kapena wa kuntchito, ikani ndalama ya gaidi pa bajeti kuyambira pachiyambi, tengani thumba lobwezeramo zinyalala, ndipo uzani gulu lanu musananyamuke kuti paphiri mawu omaliza ndi a gaidi. Akadzati tibwerere, bwererani.